PAKHONDE LA MJOMBA: Awiri pa Chiongolero Chimodzi

 Miyezi itatu yatha chikumanirane pakhonde pano, ndipo Alhamdulillah tikadapuma. Ndidakulonjezani kuti ulendo uno tidzakamba za mahari ndi kukwera mtengo kwa maukwati a masiku ano, koma mundikhululukire, nkhani ija iyambe yadikira, chifukwa kwanga kuno kwagwa mlandu wina umene sindidaukonzekere.

Loweruka lina nditangochokera ku swala ya Asri ndidapeza alendo awiri atakhala pamkeka: mwana wa mlongo wanga, amene ndidamulipirira sukulu ndekha mpaka Fomu 2, pamodzi ndi mwamuna wake, akamwini athu. Inu amene muli eni mbumba mukudziwa m'mene mtima umadumphira ukaona awiri otere abwera popanda ana, nkhope zili ndii. Umayamba kuwerenga wekha chamumtima kuti kodi ndi ndewu, kodi ndi mitala, kapena ndi talaka imene? Ndidaitanitsa tiyi kuti ndipeze mpata wokhazika mtima pansi.

Akamwini athuwa ndi dalaivala. Kwa zaka 6 akhala akuyendetsa kalole ka matani atatu ka bwana wina wa paboma, kunyamula usipa ndi utaka m'madoko a Msaka, Malembo ndi Makawa kukatula ku Limbe. Ndi munthu wofatsa, wosadumpha Jumu'a akakhala pamudzi, ndipo pa zaka zonsezi sindidamvepo kuti akweza dzanja pa mkazi wawo. Koma tsiku limenelo amene adayamba kulankhula sadali iwo.

"Amjomba," adatero mwanayo maso ali pamkeka, "bambo a kunyumbawa akufuna kukweza laisensi yawo kuti aziyendetsa mathiraki akuluakulu aja opita ku Beira ndi ku Joni."

Ndidati zimenezo n'zabwino, Allah awatsegulire makomo.

"Koma nanenso ndikufuna ndiphunzire, kuti tiziyenda limodzi, tizisinthana pa chiongolero."

Sindikubisirani, ndidaseka mpaka tiyi adanditsamwa. Iye sadaseke. Adatulutsa foni nandionetsa kanema amene mlongo wake wa ku Durban adamutumizira: mzungu wina wa imvi ndi mkazi wake, a ku America, akuyendetsa thiraki yaitali ngati sitima, wina akagona kumbuyo wina ali pa chiongolero. M'katimo muli bedi, firiji, ngakhale kagalu, Astaghfirullah, kali khale pa pilo. Ndidati mwana wanga, zimenezi n'za azungu, ife kuno mkazi pa thiraki anthu adzati chiyani? Pamenepo ndi pamene adakweza maso.

"Amjomba, inu mukudziwa zaka zimene mayi anga adakhala akuyang'ana kumsewu."

Ndidasowa chonena. Ndikudziwadi. Mlamu wanga adapita ku Joni mwanayu ali kumbuyo, nalemba makalata chaka choyamba, natumiza bulangete chaka chachiwiri, kenaka zii. Adabwera patatha zaka 9 atanyamulidwa, ndipo tidamusambitsa mwezi usanathe. Nkhani yotereyi si ya banja lathu lokha. Ife a dera lino ndife anthu a ulendo kuyambira kale. Makolo athu a nthawi ya Makanjira ndi Mponda ankayenda miyezi kupita ku Kilwa ndi ku Quelimane, akazi ali pamudzi. Kenaka kudabwera Wenela, mpaka ndege ija idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74 obwerera kumigodi, Dr Banda n'kutseka njirayo. Idatsegukanso mu 1977 pansi pa Theba, n'kudzatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Theba itatha anyamata athu sadasiye, adangoyamba kupita okha pa mabasi ndi pa mathiraki omwewa. Mibadwo yonseyi mwamuna ndiye wa pamsewu, mkazi ndiye wa pakhomo wodikira, ndipo zimene msewu wabweza m'makomo mwathu, makamaka kuyambira zaka za m'ma 1990, manda athu akuzidziwa. Tsono mwana akati sindikufuna kudikira ngati mayi anga, si nkhani yoseka. Ndidawapempha masabata awiri kuti ndifufuze.

Woyamba kumupita adali mnzanga wina wa ubwana amene adakalambira pa msewu wa Beira ndi Dar es Salaam, panopo akungoweta mbuzi. Nditamuonetsa kanemayo adagwedeza mutu nati azunguwo sakunama, koma kanemayo sakunena chifukwa chake. Ku America lamulo silola dalaivala wa thiraki kuyendetsa kupitirira maola 11, ndipo akatero ayenera kupuma maola 10 otsatizana asanagwirenso chiongolero. Ku Ulaya n'kothina koposa: maola 9 pa tsiku, ndipo akayendetsa maola anayi ndi theka ayenera kupuma mphindi 45. M'galimotomo muli makina olemba nthawi, moti sungabere. Ndiye mwini thiraki akaika madalaivala awiri, galimoto yake imayenda maola ambiri pa tsiku: wina akutha maola ake, wina akudzuka. Katundu amene akadayenda masiku asanu amafika m'masiku atatu, ndipo n'chifukwa chake makampani a kumeneko amafunafuna mabanja otere, popeza anthu awiri achilendo kukhala m'kachipinda kamodzi masabata atatu amatha kudana, pamene mwamuna ndi mkazi wake adazolowerana kale mkonono.

"Koma kuno, achimwene," adatero mnzangayo, "thiraki sichedwa chifukwa dalaivala wagona. Imachedwa chifukwa pepala lagona."

Adandiwerengera. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg ndi makilomita oposa 1,700, ndipo pa njirayo pali zipata zitatu, chilichonse ndi mbali ziwiri: Mwanza ndi Zobue, Cuchamano ndi Nyamapanda, kenaka Beitbridge. Paliponse pamenepa thiraki imatha kukhala pamzere tsiku lathunthu kapena kuposa, kudikira mapepala a kasitomu. Ukafika ku doko la Beira umadikiranso kuti akupatse katundu. Pali masikelo a pamsewu ngati a pa Balaka, ndipo makampani ambiri, makamaka onyamula mafuta, amaletsa madalaivala awo kuyenda usiku. Nanga thiraki yoti usiku imaima, masana ili pamzere, mwini wake alipirirenji madalaivala awiri? Kumbukiraninso kuti mu Seputembala 2021 madalaivala a mathiraki m'dziko muno adanyanyala ntchito mpaka mafuta adasowa m'mizinda, ndipo china mwa zimene ankadandaula n'chakuti mabwana ena sankawapatsa ngakhale K140,000 imene boma lidaika pa nthawiyo ngati malipiro otsikitsitsa. Bwana amene akulimbalimba kulipira mmodzi sangathamangire kulipira awiri.

Nanga kungomutenga mkaziyo ngati woperekeza? Mnzangayo adati pa chitseko cha mathiraki ambiri a makampani padalembedwa kale kuti wokwera wosaloledwa asakwere, ndipo dalaivala wopezeka ndi munthu amene sali pa mapepala amachotsedwa ntchito ngati wochita matola. Kukachitika ngozi a inshuwalansi samudziwa munthu ameneyo. Choncho ngati mwanayu akufunadi kukhala m'thirakimo, njira yoongoka ndi yomwe wanena yekha, kukhala ndi mapepala akeake.

Ndiye ndidafufuza za mapepalawo, ndipo apa ndipempha kuti muwerenge mofatsa, chifukwa anyamata athu ambiri ataya ndalama posadziwa. Zonse za malaisensi zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za pamsewu, imene tonse timangoti a Road Traffic. Maofesi ake akuluakulu a kufupi ndi ife ali ku Zomba ndi ku Ginnery Corner ku Blantyre. Kuyambira 2015 zinthu zidalowa mu kompyuta. Munthu umayamba walembetsa dzina lako, akujambule ndi kukutenga zidindo za zala, ndipo upite ndi chitupa chako cha unzika. Kenaka umayezetsa maso ndi kulemba mayeso a malamulo ndi zizindikiro za pamsewu kuti upeze chiphaso cha wophunzira. Ndi chiphaso chimenecho umaphunzira ku sukulu yovomerezeka ndi boma, ndipo pomaliza woyesa wa boma amakwera nawe kuti aone ngati ukutha. Zala zimenezi n'zimene zidathetsa kachitidwe kakale kotuma msuweni kuti akakulembere mayeso.

Malaisensiwo ali ngati makwerero. Ya B ndi ya galimoto zazing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake. Ya C1 ndi ya malole apakati, kuyambira pamenepo kufika makilogalamu 16,000, ndipo imeneyi ndi imene ali nayo akamwini athu. Ya C ndi ya malole olemera kuposa apo. Ya EC ndiyo ya thiraki yokoka ngolo, imene madalaivala amati hosi ndi thirela, ndipo ndi imene munthu wopita ku Beira kapena ku Joni amafunika. Zilembo zimenezi n'zofanana ndi za maiko anzathu a mu SADC, n'chifukwa chake laisensi yathu imawerengeka kutsidya kwa chipata. Munthu amene sadagwirepo chiongolero sangodzuka n'kukatenga EC. Amayamba pansi, nakwera pang'onopang'ono. Pamwamba pa laisensi pali chilolezo china cha woyendetsa galimoto ngati ntchito, chimene amachitcha PrDP, chokhala ndi zilembo zakenso: G ya katundu, P ya anthu, D ya katundu woopsa monga mafuta. Chimenechi chimatha msanga kuposa laisensi, ndipo chikatha ndiye kuti ntchito yaima mpaka uchikonzenso. Wodutsa malire afunikanso pasipoti ndi kadi ya katemera, pamene galimotoyo imayenda ndi mapepala akeake, monga Yellow Card ya COMESA imene ndi inshuwalansi ya m'maiko a eni.

M'malamulo onsewa mulibe pamene padalembedwa kuti mkazi ayi. Mayeso ndi amodzimodzi, mtengo ndi umodzimodzi, ndipo akazi a Chimalawi oyendetsa mabasi ndi mathiraki alipo ngakhale ndi owerengeka. Za mitengo, kafunseni pa kauntala tsiku lomwe mukupitalo, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa dzulo suthandiza lero. Ndipo ndikuti pa kauntala, osati pansi pa mtengo. Paliponse pamene anthu amafola mzere wa mapepala pamakhala madobadoba olonjeza njira yachidule. Laisensi yogula ndi chiphuphu, ndipo Msilamu akudziwa kale za wopereka ndi wolandira chiphuphu. Komanso taganizani munthu woti sadaphunzire kugwiritsa ntchito magiya akutsika phiri la Chowe kuchokera ku Namwera, matani 30 ali kumbuyo kwake, mabuleki atatentha, kutsogolo kuli njinga za kabaza ndi ana a sukulu. Pepala logula silimugwirira galimoto pamenepo.

Mnzanga uja adawonjeza kuti laisensi ndi theka chabe la ulendo. Mukaona zidziwitso za ntchito m'nyuzipepala, makampani amafuna munthu amene wayendetsapo kale thiraki zaka zingapo, wokhala ndi satifiketi ya kayendetsedwe kopewa ngozi, ndipo ena amafunanso pepala la sukulu. Tsono watsopano zakazo azitenga kuti? Ambiri amayamba ngati othandizira dalaivala, kumanga matenti, kuyang'ana matayala, kuphika, n'kumapatsidwa chiongolero pamalo osavuta. Apa ndi pamene ndidaona kuti mwana wa mlongo wanga ali ndi mwayi umene anyamata ambiri alibe, chifukwa mphunzitsi wake amadya naye mbale imodzi.

Nditamaliza za boma ndidapita kwa Shehe wa pamzikiti wathu, munthu wachikulire amene adawerenga mabuku a Imam Shafi'i kwa nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti andibweza ndi mawu amodzi, koma adandidabwitsa. Adati chimene ma ulama amalimbikira pa ulendo wautali wa mkazi n'chakuti akhale ndi mwamuna wake kapena mahram, ndipo pano mwamunayo ali pampando womwewo. Kuyendetsa kwenikweniko si haramu. Ngakhale ku Saudi Arabia, kumene akazi adali oletsedwa, chiletso chidachotsedwa mu Juni 2018. Adandikumbutsanso kuti mayi wathu Khadija (R.A.) adali mwini malonda otumiza katundu mpaka ku Sham, ndiponso kuti ndalama imene mkazi wapeza ndi thukuta lake ndi yake, mwamuna saitenga popanda chilolezo, pamene udindo wodyetsa banja ukhalabe pa mwamuna. Mawu amenewa ndidawauza akamwini pamaso pa mkazi wawo, kuti mawa pasadzakhale zoti malipiro onse alowe m'thumba limodzi chifukwa thiraki ndi imodzi.

Za swala Shehe adati dini yathu idamufewetsera kale wa paulendo. Ulendo ukapitirira makilomita pafupifupi 80, swala za maraka anayi zimafupikitsidwa kukhala awiri, ndipo n'zololedwa kuphatikiza Zuhri ndi Asri, Maghribi ndi Isha. Madzi akasowa pali tayammamu. M'mwezi wa Ramadhani wa paulendo akhoza kumasula n'kudzabweza masikuwo. Kenaka adamwetulira nati nkhani ya mwana wanuyu si yatsopano monga mukuganizira, chifukwa mabuku akale adakamba za mmalinyero amene amayenda ndi banja lake m'chombo. Kwa Imam Ahmad bin Hanbal munthu wotero, ngati chombocho ndiye kwawo, safupikitsa swala, popeza ali pakhomo pake. Kwa a Shafi'i akhoza kufupikitsa, koma adati n'kwabwino akwaniritse kuti atuluke mu mkanganowo. Ndidaseka kuti ma ulama a zaka mazanamazana zapitazo adaiganizira kale thiraki ya ku Beira.

Koma Shehe yemweyo adandipatsa mafunso amene sadafune kundiyankhira. Kodi dalaivala wolembedwa ntchito amasankha katundu? Lero ndi feteleza, mawa ndi shuga, mkuja akhoza kukhala makatoni a mowa. Pamenepo banja liyenera kugwirizana lisanalowe ntchito kuti lidzati chiyani kwa bwana. Nanga pa chipata, pamene amuna mazana agona pamzere masiku awiri, mkazi akasamba kuti, akadzithandiza kuti, adzisunga bwanji pa masiku ake a mwezi? Nanga nyama ya m'malesitilanti a m'njira, adazinga ndani? Zakudyazo n'zosavuta, pakuti madalaivala athu ambiri amayenda ndi mbaula, ufa ndi usipa wouma pansi pa thirela, ndipo anthu awiri amadya bwino kuposa mmodzi. Koma za malo osambira si nkhani yaing'ono, ndipo amene adamanga malo oimikapo mathiraki sadaganizepo kuti tsiku lina padzafika mayi wa hijabu.

Palinso zoopsa za msewu weniweniwo. Mu 2019 ku South Africa anthu ankatentha mathiraki ndi kumenya madalaivala a maiko ena, makamaka pa msewu wa N3 wa pakati pa Durban ndi Johannesburg, ndipo Amalawi ambiri amene ali kumeneko amakumbukira mantha a masiku amenewo. Pali akuba obooleza matenti usiku. Pali malungo a m'chigwa cha Zambezi ndi kutentha kwa ku Tete kumene ife a kunyanja, ngakhale tidazolowera dzuwa, timakuopa.

Koma chimene chidandisowetsa tulo si chimenecho. Banjali lili ndi ana atatu, wamkulu ali Sitandade 5, wamng'ono wangosiya kuyamwa. Bambo akakhala pamsewu mayi ali pakhomo, ndipo tsoka likagwa, Allah atiteteze, ana amatsala ndi kholo limodzi. Onse awiri akakhala m'galimoto imodzi, tsoka limodzi limasiya ana amasiye kotheratu. Azungu a m'kanema aja tsitsi lawo ndi loyera. Ana awo adakula kale, n'chifukwa chake akuyenda ndi kagalu. Nditanena zimenezi mwana wa mlongo wanga adakhala chete nthawi yaitali, ndipo ndidaona kuti adali ataziganizira kale usiku wambiri. Adangoti, "Nanga amene amatsala ndi mayi okha bambo ali moyo, amjomba, si amasiye?" Sindidamuyankhe, ndipo mpaka lero ndilibe yankho lokwanira. Ndikudziwa kuti mwana amafuna womudzutsa pa Subuhi, womufunsa zimene waphunzira ku madrasa, woona kuti lero wabwera ndi malungo. Agogo amatha kuchita zimenezi sabata imodzi, mwinanso ziwiri, koma ulendo wa ku Joni umatha kudya mwezi.

Ndidafunsanso akamwini funso limene amuna ambiri sakonda. Ndidati inu akamwini, tsiku limene mayiwa ali pa chiongolero, inu muli pambali, iwo n'kuona kuti apa tiime, inu mukuti tipitirire, adzamvera ndani? Ndipo tsiku limene adzabweze thirela bwino kuposa inu anzanu akuona, mtima wanu udzakhala m'malo? Adaseka mwamanyazi nati pamsewu mwini galimoto ndi amene wagwira chiongolero, ngakhale bwana amakhala chete. Ndidati mawu amenewo ndawasunga, ndidzakukumbutsani. Paja kuphunzitsa mkazi wako galimoto kwaswetsa mbale m'mabanja ambiri a m'tauni, n'chifukwa chake ndidalimbikira kuti chiyambi akaphunzire kwa mphunzitsi wa kusukulu, amene akakalipa madzulo sadya naye nsima.

Pofufuza zonsezi ndidaona chinthu chimene tonse atatu sitidachione poyamba, chifukwa maso athu adali ku America. Ntchito imene imafunadi madalaivala awiri ili pakhomo pathu pompano. Nsomba zaziwisi sizidikira. Kalole kakanyamuka ku Msaka kapena ku Malembo madzulo kamayenda usiku wonse kudzera paboma, Ulongwe, Liwonde ndi Zomba kuti kakafike ku Limbe kusanache, ndipo dalaivala yemweyo, atakhala tsiku lonse padoko kudikira katundu, amatembenuka masana kubwerera osagona. Akamwini adavomera kuti kawiri konse adadzidzimuka matayala ali kunja kwa tala cha ku Ulongwe. Pa ulendo wotere palibe chipata, palibe pasipoti, laisensi ya C1 ikukwana, ndipo pakutha pa tsiku limodzi ndi theka makolo ali kunyumba. Komanso mwana wa mlongo wangayu ndi wa geni ya usipa kuyambira ali mtsikana. Mitengo ya padoko ndi ya ku Limbe amaidziwa kuposa mwamuna wake. Banja lotere likadzakhala ndi kalole kakekake, ndalama ya dalaivala wachiwiri ndi ya wogulitsa zonse zimatsala m'nyumba. Ndipo ngati m'tsogolo adzafunebe za kunja, njira yathu ya kufupi ilipo: kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera ku Namwera, kutuluka pa Chiponde kulowa Mandimba, n'kutsata Cuamba ndi Nampula mpaka ku doko la Nacala, dera limene Chiyao, Chimakua ndi mizikiti sizisowa.

Masabata awiri atakwana tidakhalanso pamkeka womwewo, ulendo uno pamodzi ndi ankhoswe a kuchimuna ndi mlongo wanga, mayi wake wa mwanayo. Tidagwirizana motere. Mwanayo ayambe ndi B chaka chino, ndi ndalama za geni yake ndi za chipereganyu cha amayi anzake. Pasagulitsidwe munda, pasatengedwe katapila, chifukwa riba siyendetsa galimoto ya Msilamu kutali. Akamwini apitirize kusunga za laisensi yawo yaikulu, koma asasaine ntchito ya kunja tisanakhalenso pansi. Mkaziyo akadzafika pa C1, wamng'ono uja adzakhala atayamba sukulu, ndipo adzayambe ndi maulendo a ku Limbe. Za ku Beira ndi ku Joni tazisiya m'manja mwa Allah ndi m'manja mwa zaka. Ankhoswe a kuchimuna adang'ung'udza kuti kumudzi kwawo adzawaseka kuti mwana wawo akuyendetsedwa ndi mkazi, koma atamva kuti m'bale wawo adatsala pang'ono kugwera m'ngalande ku Ulongwe chifukwa cha tulo, adapempha tiyi wina.

Mlongo wanga sadalankhule msonkhano wonse. Anthu atayamba kuvala nsapato ndi pamene adati ana adzawasunga, koma ali ndi mawu awiri. Oyamba, usiku wa mvula asadzakwere onse awiri galimoto imodzi. Achiwiri, tsiku limene mwana wake adzalandire laisensi, munthu woyamba kumunyamula akhale iyeyo, amutengere ku Namwera kukaona mng'ono wathu amene sadaonane naye zaka zinayi.

Dzulo mwanayo adabwera ndi kabuku ka malamulo a pamsewu, m'mphepete monse atalembamo ndi pensulo. Adandiyesa zizindikiro khumi, ine ndidakhoza zitatu, ndipo chimodzi mwa zitatuzo chidali cha ng'ombe. Mayeso ake oyamba ndi mwezi wa mawa, Insha Allah, ndipo ndamulonjeza kuti ndidzamuperekeza ndekha pa minibasi ya m'mamawa. Mumuikeko m'ma dua anu. Za mahari zija tidzakamba ulendo wa mawa.